Kuoloka Malire ndi Ana pa Tchuthi: Za pa Chipata cha Cassacatiza

Mwezi wa Epulo ukafika, mvula itayamba kutsazika, pa chipata cha Cassacatiza pamaoneka alendo amene saonekaoneka miyezi ina. Masiku onse pamalopa pamakhala malole akuluakulu, ena ochokera ku doko la Beira atasenza feteleza ndi mafuta, ena otsika kuchokera ku migodi ya ku Zambia. Koma sukulu za ku Zambia zikatsekera chigawo choyamba, pakati pa malolewo pamayamba kudutsa amayi obereka makanda, abambo osenza zikwama, ndi ana ovala zovala za pa Sabata ngakhale tsikulo lili Lachitatu. Akupita kwa agogo. Ena achokera pafupi pomwepa ku Katete, mtunda wa makilomita oposa 50 kuchokera pa Chanida, chipata cha mbali ya Zambia. Ena agona m'basi kuchokera ku Lusaka. Nthawi yake ndi yabwino, pakuti m'minda muli mondokwa, maungu, mphonda, misale ndi mtedza wauwisi, ndipo palibe gogo amene amachita manyazi kulandira mdzukulu m'mwezi umenewu.

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri a ife timauyesa ulendo wotere chinthu chongosangalatsa ana, chimene chingachitike ndalama zikatsalako. Ife tikuona kuti kwa mabanja a m'malire muno ulendowu uli m'gulu la ntchito za kholo, pamodzi ndi kulipira sukulu ndi kutengera mwana ku Sande Sukulu. Ndipo ntchitoyi imakhala yathunthu pamene kholo lapita nawo, osati pamene langotumiza mwana.

Mzere umene unadula mbumba

Malire amene timaoloka pa Cassacatiza anachokera m'pangano la pakati pa Angerezi ndi Apwitikizi la chaka cha 1891. Amene anasainira panganolo anali ku Ulaya, ndipo sanafunse mfumu iliyonse ya kuno. Mzere wawo unadutsa pakati pa dziko la Kalonga Gawa Undi, amene likulu lake lakale linali ku Mano, m'chigawo chino cha Tete. M'zaka za m'ma 1930 Undi anasamukira mbali ya Angerezi, ndipo lero likulu lake lili ku Mkaika, m'boma la Katete. Anthu ake ambiri anatsala kuno ku Chifunde, ku Marávia ndi ku Macanga. N'chifukwa chake a Phiri a kuno ndi a Phiri a ku Chadiza akakumana sachedwa kupeza kuti agogo awo anali a bere limodzi.

Kwa akuluakulu mzerewu sunakhale wolimba kwenikweni. Amakwatirana, amaikana maliro, amagulitsana mbuzi. Kumene mzerewu ukuzama ndi mwa ana. Mwana wa ku Katete amaphunzira m'Chingerezi, wa ku Chifunde m'Chipwitikizi. Wina amawerenga ndalama m'makwacha, wina m'mametikali. Wina amati Mande, mnzake amati segunda-feira. Asuweni awiri akakhala pamkeka umodzi amamvana bwinobwino pa nkhani ya mbewa ndi mpira, koma afunseni zaka zawo, aliyense ayankha m'chinenero cha mtsamunda wake. Chimene chatsala pakati pawo ndi Chichewa cha pakhomo, ndipo kwa ana okulira m'tauni, kaya ndi Lusaka kaya ndi Tete, nachonso chikunka chichepa. Tisaiwale kuti chinenero chathu chinaoloka malire kalekale: mawu akuti kalata ndi nsapato, amene mwana wa ku Zambia amawayesa akwawo enieni, anachokera kwa Apwitikizi. Ana amakondwa akauzidwa zimenezi pa ulendo.

Nawo makalendala a sukulu salola kuti asuweni akumane kawirikawiri. Ku Zambia ana amapuma mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala. Ku Mozambique tchuthi chachitali chimagwa mu Disembala ndi Januwale, pamene zopuma za pakati pa chaka zimakhala zazifupi. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala. Choncho mwana wa ku Zambia akabwera mu Epulo kawirikawiri amapeza asuweni ake akupitabe ku sukulu m'mawa, ndipo amatsala pakhomo ndi agogo. Ena amadandaula nazo. Ife tikuti ndi mwayi, chifukwa maola amenewo, gogo akukazinga mtedza mdzukulu ali pambali, ndiwo amene mwana amamva za kumene anachokera.

Mwa Achewa mwana ndi wa kwa amayi ake, ndipo mwinimbumba ndi atsibweni, mlongo wake wa mayi. Masiku ano bambo ndiye amalipira sukulu ndi chipatala, ndipo mpingo umaphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi ndiwo eni banja lawo. Komabe pakagwa maliro, pakabwera wofunsira mbeta, pakabuka mlandu wa munda, amene amafunsidwa ndi atsibweni. Taonapo achinyamata ofika kumudzi koyamba pa tsiku loika amayi awo, osadziwa woti amugwire dzanja, osadziwa ngakhale pokhala. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Zoona sichiola, koma fupa likakwiririka amalidziwa ndi amene analiona lisanakwiririke.

Njira imene makolo anathawira

Pali chifukwa china chimene chimakhudza dera lino kuposa madera ambiri. Makolo ambiri amene lero ali ndi ana a sukulu anabadwira kuthawa. M'chaka cha 1968 a Frelimo anatsegula nkhondo yomenyera ufulu m'chigawo cha Tete polowera ku Zambia, ndipo midzi ya m'malire ndiyo inayamba kulawa moto wake. Anthu anathawa. Ufulu utabwera mu 1975 ambiri anabwerera, koma posakhalitsa inabuka nkhondo yapachiweniweni, imene inafika poipitsitsa m'chigawo chino cha m'ma 1980. Anthu anathawanso. Ku Malawi kokha kunalowa anthu oposa 1,000,000. Amene anathawira ku Zambia ena anasungidwa ndi abale m'midzi ya ku Katete, Chadiza ndi Petauke, ena anatengedwa kupita ku Ukwimi, malo a othawa kwawo amene anatsegulidwa mu 1987. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika 1994 ochuluka anali atabwerera. Koma si onse. Ena anali atakwatiwa, ena ana awo anali pakati pa sukulu, ena anali ataika akufa awo kumeneko ndipo mtima sunawalole kuchoka. Mabanja ambiri amene lero ali mbali ziwiri za chipata anagawanika m'zaka zimenezo.

Mwana wobadwa chaka cha 2012 sadziwa chilichonse cha izi. Amaona msewu wa phula, malole ndi mafoni. Akamva agogo akunena za kugona m'phiri amayesa nthano. M'buku la Yoswa, mutu 4, Aisraeli ataoloka Yordano analamulidwa kutola miyala 12 pakati pa mtsinje ndi kuiimika pa Giligala, ndipo cholinga chake chinali chakuti ana a m'tsogolo adzafunse tanthauzo la miyalayo, makolo adzayankhe. Taonani kuti miyalayo sinatumizidwe kwa ana m'mahema mwawo. Ana anayenera kufika pamalopo, kuiona ndi maso, funso n'kubadwa lokha. Nafenso tili ndi miyala yathu: bwinja la mudzi umene unatenthedwa, mango amene atsala pamenepo opanda nyumba, dambo limene anthu anaoloka usiku atatseka makanda pakamwa, mtengo umene Akhristu ankapempherera pansi pake tchalitchi litagwa. Dalaivala wa basi sangamuonetse mwana zimenezi. Agogo angathe kufotokoza, koma miyendo yawo siifikanso kumeneko. Wotsala ndi bambo kapena mayi, amene anali wamng'ono pa nthawiyo koma akukumbukira njira.

Ena amati nkhani za nkhondo n'zosayenera ana. Pali zina zimene sizinenedwa kwa mwana wa zaka 7, ndipo kholo lanzeru limadziwa polekeza. Tikupemphanso kuti pofotokoza tisadzale chidani cha zipani mwa ana, pakuti m'mipingo yathu muli anthu amene anali mbali zonse ziwiri, ndipo lero amadyera pa gome limodzi la Ambuye. Koma kubisa zonse n'kumulanda mwana chifukwa choyamikira Mulungu. Amene sanamve za njala ya ku Ukwimi sangamvetse chifukwa chake agogo amapemphera nthawi yaitali chotere asanadye nsima.

Chenjezo limodzi pa maulendo a ku mabwinja: boma la Mozambique linalengeza mu Sepitembala 2015 kuti malo onse odziwika okwiriridwa mabomba achotsedwa, ndipo tikuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Ngakhale zili choncho, ana aphunzitsidwe kuti chitsulo chadzimbiri chosadziwika chopezeka kuthengo sachitola, sachigenda, amakauza akulu.

Mpingo umodzi, mbali ziwiri

Mbiri ya mpingo wathu nayo ndi mbiri ya anthu oyenda ndi ana. Amishoni a Dutch Reformed anayamba ntchito ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. Kenaka anatsegula Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905 ndi Nsadzu mu 1908, ndipo malo awiri otsirizawa ali kufupi ndi malire ano. Mbali ya Mozambique, mbusa A.G. Murray anatsegula Mphatso ku Angónia mu 1909, ndipo malo ena anatsatira. Koma mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchito yonseyo, amishoni n'kuchoka. M'chaka chomwecho Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'chinenero chathu. Akhristu a kuno anatsala ndi Buku koma opanda mbusa, ndipo kwa zaka zambiri ofuna Mgonero kapena ubatizo wa ana awo ankayenda pansi kuoloka malire kukapeza mpingo mbali ya Angerezi. Igreja Reformada em Moçambique, imene lero ili ndi Sinodi ya Mphatso ndi sukulu ya ubusa ya Hefsiba ku Vila Ulónguè, inapulumuka chifukwa cha mapazi a anthu amenewo.

Tikanena zimenezi tikufuna kufika pa Sabata la paulendo. Chizolowezi chafala chakuti banja likapita kukacheza, Sabata limasanduka tsiku lochapa, lokaona abale otsala, kapena loyamba ulendo wobwerera chifukwa Lolemba kuli ntchito. Potero ana amataya chinthu chokoma koposa pa ulendo wonse. Mwana wa Reformed Church in Zambia akalowa m'kanyumba ka mapemphero kofolera udzu kuno ku Chifunde, n'kumva nyimbo imene amaidziwa ikuyambitsidwa ndi mayi wa Chigwirizano amene sanamuonepo, n'kupeza kuti angathe kutsegula Baibulo lake ndi kutsatira mawu omwewo, amaphunzira za mpingo wa Khristu zimene kalasi ya chaka chathunthu singamuphunzitse. Zolengeza zina adzazimva m'Chipwitikizi, ndipo chopereka adzaponya cha ndalama yachilendo, koma adzadziwa kuti ali kwawo.

Makolo amene ali Akhristu odya Mgonero atenge kalata kwa mbusa kapena kwa mkulu wa mpingo wa dera lawo asananyamuke, makamaka pa nyengo ya Paskha pamene mipingo yambiri imakhala ndi Mgonero. Kalatayo imachotsa chikaiko kwa akulu a mpingo wolandira. Ndipo ife olandira alendo tisamangoimiritsa akuluakulu okha polonjera. Ana atchulidwe maina, aperekezedwe ku Sande Sukulu, apatsidwe vesi loloweza monga anzawo.

Mwana wotumizidwa yekha

Tsopano tifike pa nkhani yowawa. Ndalama zikachepa, makolo ambiri amachita chimene chimaoneka chanzeru: amakweza mwana yekha, n'kumupereka m'manja mwa kondakitala, dalaivala wa lole, kapena munthu wina amene angokumana naye pa siteji amene akuti akupita komweko. Nambala ya foni ya atsibweni imalembedwa pa kapepala, kapepalako n'kuikidwa m'thumba la malaya. Nthawi zambiri mwana amafika bwino, ndipo ndicho chifukwa chake chizolowezichi sichitha. Koma msewu uwu ndi wa mayiko, wodutsa anthu a mitundu yonse, ndipo malole amagona pa chipata masiku podikira mapepala. Mtsikana wa zaka 13 amene galimoto yake yafika chipata chitatsekedwa adzagona kuti, ndipo adzamuyang'anira ndani?

Luka, mutu 2, amatiuza za banja lopembedza koposa limene linapita ku Yerusalemu ku Paskha ndi mwana wa zaka 12. Pobwerera, Yosefe ndi Mariya anayenda tsiku lathunthu akuganiza kuti mwanayo ali pakati pa abale ndi anansi a paulendo. Anamupeza atapita masiku atatu. Timakonda kulalikira za nzeru za Yesu pakati pa aphunzitsi m'Kachisi, ndipo n'koyenera. Koma mayi aliyense amene anasowapo mwana pa msika ngakhale kwa mphindi khumi amadziwa kuti m'nkhaniyi mulinso masiku atatu a mtima wosweka, ndipo anayamba ndi ganizo limene tonse timaganiza, lakuti ali ndi anzake, wina akumuona. Ngati zinachitika pa ulendo wa opembedza okhaokha, nanga pa msewu wa malole?

Palinso alendo amene amabwera kumudzi pa tchuthi ndi mawu okoma: tipatseni mtsikanayu tikamuphunzitse m'tauni. Ena amanena zoona, ndipo ambiri a ife tinaphunzira chifukwa cha abale otere. Koma ena amafuna wantchito wosalipidwa, ndipo mwana akaoloka malire wopanda pepala lililonse, alibe sukulu imene ingamulembe, alibe kumene angakadandaule, ndipo makolo ake sadziwa ngakhale dzina la komboni imene akukhala. Mayiko onse awiri, Mozambique ndi Zambia, anakhazikitsa malamulo oletsa kuzembetsa anthu m'chaka cha 2008. Kholo lisanavomere, lifunse dzina la sukulu, lidziwitse mfumu ndi mkulu wa mpingo, ndipo ngati n'kotheka limuperekeze mwanayo kukaona pamene azikagona.

Chimodzimodzinso za atsikana otha msinkhu amene amapita kwa agogo pa tchuthi n'kusabwereranso ku sukulu chifukwa kumudzi kwapezeka mwamuna. Kale anthu ankathawitsira mtsikana mbali ina ya malire poganiza kuti lamulo la kwawo silifika kumeneko. Khomo limenelo linatsekedwa. Malawi inakonza malamulo ake aakulu mu 2017, Mozambique inakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana mu 2019, ndipo Zambia inatsatira mu 2023 poletsa ngakhale maukwati a mwambo a ana osafika zaka 18. Koma lamulo lili ku boma, pamene nkhaniyo imakambidwa usiku pakhonde la agogo. Mayi amene wapita nawo ndiye angathe kuyankha pomwepo, mwaulemu, kuti mwanayu akubwerera nane.

Mapepala, ndalama ndi udzudzu

Tikudziwa kuti anthu a m'midzi yoyandikana ndi malire ali ndi tinjira tawo, ndipo ambiri saona chifukwa chozungulira ku chipata pamene munda wa mlamu wawo ukuoneka ndi maso. Koma amene akupita kutali ndi ana, kukwera galimoto ndi kudutsa pa zotchinga za apolisi, adutse pa chipata ndi mapepala oyenera. Nzika za Mozambique ndi Zambia sizifuna viza pa ulendo waufupi wokacheza, koma mwana naye ndi munthu pamaso pa ofesi ya Migração, ndipo ayenera kukhala ndi chikalata chake. Tengani kalata yake ya kubadwa. Ngati akuyenda ndi kholo limodzi, kapena ndi azakhali, pakhale kalata ya chilolezo ya kholo lotsalalo yodindidwa ndi a boma. Ofesala akamafunsa mafunso ambiri za mwana, tisakwiye. Akuchita chimene tikadafuna kuti achite mwana wathu atagwidwa dzanja ndi mlendo. Ndipo Mkhristu asaphunzitse mwana wake kupinda ndalama m'chiphaso. Ana amaona zonse.

Kuchokera pa chipata kukafika mumzinda wa Tete pali makilomita pafupifupi 300 pa msewu wa N9, kudzera ku Chiúta. Galimoto za chapa zimanyamuka zikadzaza, osati nthawi ikakwana, choncho nyamukani m'mamawa ndipo funsiranitu nthawi imene chipata chimatsekedwa. Mwana wa zaka 8 kumukhazika pamiyendo ulendo wonsewo pofuna kupulumutsa ndalama ya mpando n'kumuzunza iye pamodzi ndi mayi ake. Kukwera pamwamba pa katundu wa lole ndi ana ndiye tisakuyerekeze n'komwe.

Pa za ndalama, osintha a m'mbali mwa msewu amawerenga msanga kuposa maso a munthu wotopa. Werengani nokha kawiri musanapereke zanu. Dziwaninso kuti mayiko onse awiri anachotsa maziro atatu pa ndalama zawo, Mozambique mu 2006 ndi Zambia mu 2013, koma okalamba ambiri akuwerengabe mwakale, wa kuno m'makonto, wa uko m'mapini. Mdzukulu akatumidwa ku msika ndi agogo afunsitse bwino, angabwere ndi sopo mmodzi pamene anatumidwa thumba la mchere.

Epulo ndi mwezi wa malungo. Mwana wokulira m'tauni, wogona m'nyumba ya mawindo a sefa, thupi lake silinazolowere udzudzu wa kudambo monga asuweni ake. Neti ilowe m'chikwama nsapato za pa Sabata zisanalowe. Akatentha thupi musadikire kuti mukafike kwanu. Pitani naye ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo akayezedwe magazi. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala, pakuti kolera imene inavuta ku Mozambique mu 2023 ndi ku Zambia kumayambiriro a 2024 inatikumbutsa kuti matendawa amayenda ndi apaulendo. Mwana akatsegula m'mimba kutali ndi chipatala, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'onopang'ono muli panjira yopita kwa adokotala.

Za ku Mkaika

Tchuthi cha Ogasiti chili ndi funso lakelake, ndipo sitilizemba. Kumapeto kwa mwezi umenewu mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu ndi malipoti a madera awo kwa Kalonga Gawa Undi. Mu 2007 atsogoleri a mayiko atatuwa, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala nawo pamodzi. Pa masiku amenewo chipata cha Cassacatiza chimadzaza ndi magulu opita kumeneko, ndipo ana amapempha kuti apite nawo. Kumeneko kumavinidwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, koma amene mipingo yathu kuyambira masiku a amishoni siilola Mkhristu kulowa.

Akhristu amasiyana maganizo pa nkhaniyi, ndipo aliyense amvere uphungu wa bwalo la mpingo wake. Maganizo athu ndi akuti kulemekeza mfumu si tchimo, ndipo mwana wa Mchewa ayenera kudziwa kuti mtundu wake uli ndi mbiri yakale kuposa malire a 1891. Chimene sitivomereza ndi kulola anyamata kupita okha ndi kukagona kumeneko masiku angapo, pakati pa mowa ndi anzawo owakokera kudambwe. Ngati banja lasankha kupita, lipite pamodzi, masana, ndipo bambo akhale wokonzeka kuyankha mafunso a mwana wake mwachoonadi: chimene ife timakhulupirira za akufa ndi mizimu, ndi chifukwa chake sitilowa nawo. Ayankhe popanda kunyoza, pakuti mwina atsibweni a mwanayo ndi a komweko, ndipo mawa adzadya nawo m'mbale imodzi.

Amene alibe ya basi

Wina adzati zonsezi n'za anthu a malipiro a pamwezi. Fodya sanagulidwe, chimanga chikadali m'munda, ndalama ya anthu asanu ichokera kuti? Funsoli ndi loona. Mabanja ena amasinthana, chaka chino mayi ndi ana awiri, chaka chamawa bambo ndi otsalawo. Ena amasunga pang'onopang'ono m'magulu a Chigwirizano kuyambira nthawi yokolola. Amene Mulungu wawadalitsa angathe kufika ndi ana mpaka ku Tete kukaona mlatho wa Samora Machel wa mu 1973 ndi wa Kassuende wa mu 2014, kapena kukwera ku Songo kukaona damu la Cahora Bassa, limene linatseka Zambezi mu 1974. Koma apewe Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa m'chigwa kumapitirira madigiri 40.

Koma ulendo wa Loweruka sufuna tikiti. Kuno kumudzi tchuthi cha mwana chimatanthauza khasu, kusoka fodya ndi kubusa ng'ombe, ndipo ntchito yoyenera msinkhu wake siipa. Chimene chimasowa ndi tsiku limodzi limene bambo amayenda ndi ana ake popanda kuwatuma. Deuteronomo 6 imatchula kuyenda panjira pakati pa nthawi zimene kholo liyenera kuphunzitsa ana mawu a Mulungu, pamodzi ndi kukhala m'nyumba, kugona ndi kuuka. Mayi aphike mbatata, bambo apope njinga, mupite kukaona mkulu wa mpingo wopuma amene sathanso kufika ku mapemphero, ana akamuimbire. Kapena mukwere phiri lapafupi, muwaonetse kumene kuli Zambia ndi kumene kuli Furancungo, muwatchulire maina a mitengo, muwanga, mlombwa, msuku, imene ikutha ndi makala ana asanaidziwe. Amene ali kufupi ndi Kapoche awauze kuti madzi amenewo achokera ku Zambia, akukathira mu Luia, ndipo Luia akukathira mu Zambezi, popanda wowafunsa chiphaso. Kusamba m'madzi odikha kokha ndiko muwaletse, chifukwa cha likodzo, ndipo m'maiwe akuya muli ng'ona.

Sukulu za ku Zambia zikayandikira kutsegulira mu Meyi, pa chipata pamadutsanso anthu omwe aja, tsopano ndi matumba a mtedza, maungu ndi ufa wa mgaiwa umene agogo anakakamiza. Za nkhuku yamoyo ndi mbewu funsani kaye kwa a zaulimi a pa chipata, kuti mphatso ya agogo isatsale m'manja mwa boma ana akulira. Ulendo wobweza ndi wa ana a kuno, ndipo nthawi yawo ndi Disembala, mwezi wa mvula, wa kupalira ndi wa ndalama zosowa. Mabanja amene akufuna kudzaoloka nthawi imeneyo ayambe mwezi uno kufunsa za makalata a kubadwa a ana ku ofesi ya Registo Civil, pakuti mapepala amatenga nthawi, ndipo ofesiyo ili kutali ndi midzi yambiri ya m'malire.